Khwinya la pa Nduwira ya a Nandram

Dalichand anali atamanga nduwira pamitu ya anthu kwa zaka makumi anayi, ndipo sankachita manyazi kunena kuti mumzinda wonse wa Udaipur munalibe mutu umene unamuvutapo. Kashopu kake kanali pakanjira kotsetserekera ku masitepe a Gangaur, pamene nyumba zimathera ndipo nyanja ya Pichola imayambira. Alendo odzaona nyumba ya mafumu, miyendo ikawawawa ndi kukwera ndi kutsika, ankathera kwa iyeyo. Ankawakhazika pakampando n'kuwakulunga nsalu yofiira kapena yachikasu kumutu, iwo n'kumadzijambula pa foni atakwinya nkhope ngati asiya gulu la asilikali panja. Nyengo ya maukwati ankamanga mitu yoposa zana tsiku limodzi osakhalako pansi.

Analinso ndi kamatenda kake. Munthu wovala nduwira akangodutsa, Dalichand ankasiya zonse n'kumuyang'anitsitsa kumutu, kenako n'kuuza aliyense amene ali pafupi kuti ameneyo ndi woweta ngamira, uyo ndi wosula zitsulo, winayo bambo ake amwalira chaka chomwe chino. Sankalakwitsa kawirikawiri, ndipo akalakwitsa ankati vuto ndi la mwini mutu.

Koma panali nduwira imodzi imene inamukanika, ndipo inali pakhoma la shopu yake yomwe. Chinali chithunzi chakale cha antchito a kunyumba ya mafumu ataima pamzere pafupi ndi bwato lachifumu. Wachitatu kuchokera kumanzere anali bambo ake, a Nandram, amene ankamanga nduwira za akuluakulu a kumeneko. Pamwamba pa khutu lawo lamanzere nsalu inapindika modabwitsa n'kuima yokha ngati chipsepse cha nsomba. Pamzere wonsewo panalibenso wina wa khwinya lotero. A Nandram anamwalira Dalichand ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, asanamuphunzitse kalikonse, moti ntchitoyi anachita kukaiphunzira kwa anthu ena. Khwinyalo analiyesa pamutu pake, pabondo pake, pa mphika wozondotsa, ngakhale pamutu pa mkazi wake Sosar mpaka Sosar anakana. Anayesa nsalu youma ndi yonyowa, yoviika m'madzi a mpunga ndi yosaviika. Akangochotsa dzanja, nsalu inkagona.

Chithunzi chomwecho chinalinso m'kati mwa nyumba ya mafumu, ndipo operekeza alendo anali atachipezera kale nkhani. Ankati khwinya limenelo linali laulemu wapadera, mfumu inkaloleza munthu mmodzi yekha pa m'badwo uliwonse. Dalichand ankadziwa kuti n'zopeka, komabe ankauza alendo ake zomwezo, ndipo chifukwa chozibwereza zaka zonsezi anali atayamba kuzikhulupirira pang'ono.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yozizira, Gafur wogulitsa matikiti a maboti anatulukira pakhomo la shopu ali ndi mayi wina kumbuyo kwake. Gafur ndi Dalichand anakulira limodzi, ndipo tsiku limene sananyozane onse awiri ankagona osasangalala.

"Iwe katswiri, ndakubweretsera mayeso," anatero Gafur. "Ukalephera utseke shopu, ndikulembe ganyu yotunga madzi m'boti."

Mayiyo anali wa zaka ngati makumi asanu, wovala magalasi, nsapato zake zitatuwa ndi fumbi. Anati dzina lake ndi Urmila, mphunzitsi wochokera kumzinda wakutali wa Surat. Anali atatha masiku awiri akuona malo. Anazungulira nyumba ya mafumu chipinda ndi chipinda, anakwera boti mpaka kuchilumba, anakwera masitepe a kachisi wa Jagdish. Koma kulikonse ankayenda atakumbatira chitini chachikulu chosungiramo ufa, ndipo pa geti lililonse alonda ankamuuza kuti achitsegule. Gafur naye anasuzumiramo, n'kumuuza kuti mumzinda muno muli wamisala mmodzi yekha amene angamuthandize.

Urmila anaika chitinicho patebulo n'kuchotsa chivundikiro. Munali nduwira yomangamanga, imene kale inali yofiira koma tsopano yafwifwa, ikununkha masamba a nimu. Pamalo a khutu lamanzere, khwinya lija linali chiimire.

Dalichand anaiweramira n'kuiyang'anitsitsa. Gafur anali atakonzekera kale kuseka, koma anayang'ana m'chitini, anayang'ana pakhoma, n'kutseka pakamwa.

Urmila ndiye anafotokoza. Bambo ake, a Kesarimal, anali wopalasa bwato lachifumu. Chaka china mvula inakanika, nyanja inaphwa mpaka ng'ombe zinkadya msipu pakati pake, ndipo opalasa anasowa chopalasa. A Kesarimal anaganiza zopita ku Surat kukafuna ntchito m'mafakitale a nsalu. Tsiku lonyamuka, pamasitepe omwewa, anasinthana nduwira ndi mnzawo wapamtima. Kuno aliyense amadziwa kuti amuna awiri akasinthana nduwira asanduka pachibale, ndipo ana awonso ndi pachibale. A Kesarimal sanaimasulepo nduwirayo, chifukwa ankadziwa kuti sangathe kuimanganso motero. Anaivala kamodzi kokha, pa ukwati wa Urmila. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa apita kwawo kukaona m'bale wawo, mpaka anamwalira miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Ali pafupi kutsirizika anauza mwana wawo kuti akaibweze kwa eni ake. Sanasiye adiresi, anangotchula dzina loti Nandram.

Dalichand anatembenukira kukhoma. Anachotsa chithunzi pakhoma n'kumupatsa, chala chili pa munthu wachitatu. Urmila anayang'ana, kenako maso ake anayenda okha ndi mzerewo mpaka kumapeto, pamene panaima mnyamata wowonda atagwira nkhafi. Anati dzulo lake anachidutsa chithunzi chimenechi m'nyumba ya mafumu, akukankhana ndi gulu la alendo, osadziwa kuti akudutsa bambo ake.

"Nduwirayi ndi yanu, bambo," anatero. "Ine ndangoibweretsa."

Mlendo wotere samwetsedwa tiyi wa pamsewu n'kumutsanzika. Dalichand anatseka shopu dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sanachitepo, n'kukwera naye kunyumba kwake pamwamba pa shopuyo. Sosar atamva nkhaniyo anaika mphodza pamoto n'kuyamba kukanda ufa. Ndipamene Dalichand anakumbukira kuti malemu amayi ake ankatchulatchula za bambo aang'ono a ku Surat, iye n'kumaona ngati ndi ukalamba, poti a Nandram anabadwa okha. Anakumbukiranso kuti m'bokosi la amayi akewo munkakhala nduwira yachikasu imene sinali ya aliyense. Anauza Sosar kuti akaitenge, mlendo aone ya bambo ake.

Sosar anapitiriza kukanda ufa ngati sanamve. Atafunsidwa kachiwiri anayankha maso ali m'mbale kuti nsaluyo ili padenga. Kwa zaka makumi awiri wakhala akuyanikirapo tsabola, chifukwa inali yaitali bwino ndiponso palibe amene anamuuza kuti ndi ya munthu.

Dalichand manyazi anamugwira mpaka anasowa poyang'ana. Wina wasunga ya bambo ako m'masamba a nimu zaka zoposa makumi asanu, iwe ya bambo ake yapsa ndi dzuwa padenga. Koma Urmila anaseka mpaka anavula magalasi kuti apukute misozi. Anati bambo ake ankadya tsabola ngati ndiwo, ndipo akanamva akanati nsaluyo inapeza ntchito yoiyenera.

Ali mkati modya, Sosar anafunsa funso limene mayi aliyense wa kuno akanafunsa. Bambo akamwalira, pa tsiku la khumi ndi chiwiri abale amasonkhana n'kumanga nduwira pamutu pa mwana wolowa m'malo mwawo, kuti onse aone kuti nyumbayo sinagwe. Sosar anafuna kudziwa amene anavekedwa. Urmila anati palibe. Iye anabadwa yekha, ndipo achibale anati popanda mwana wamwamuna mwambowo wathera pomwepo. Anawasamalira bambo ake yekha zaka zisanu ndi chimodzi, koma pa tsikulo anapatsidwa ntchito yogawira alendo madzi. Anazinena mopepuka ngati nkhani ya wina, koma chakudya chimene chinali m'dzanja lake anachibwezera m'mbale.

Madzulo ake Urmila anabwerera kumene ankagona, atanena kuti sitima yake inyamuka mawa masana. Dalichand anatsala ndi chitini. Anatulutsa nduwirayo, anaiika pa mphika wozondotsa, n'kuyamba kuizungulira. Anaiyang'ana kutsogolo, kumbuyo, anagwada n'kuisuzumira kunsi. Zonse zimene ankatha kuona zinali za masiku onse. Anakhudza khwinyalo ndi nsonga ya chala ndipo anamva kuti m'kati muli kanthu kolimbirapo. Kodi ndi waya? Kodi ndi kachikopa, kapena kapepala ka mapemphero? Mtima unamuyabwa kwambiri. Yankho limene analifunafuna moyo wake wonse linali pansi pa nsalu zochepa chabe.

Koma ankadziwanso mtengo wake. Padziko lonse chinthu chomangidwa ndi manja a bambo ake chinatsala chimenechi chokha. Akaimasula n'kulephera kuibwezera, atsala ndi chinsanza chachitali, ndipo manja a Nandram adzakhala atafufutika kotheratu. Anaibwezera m'chitini n'kuvundikira. Asanamalize kumwa tiyi anali ataitulutsanso.

Kenako anapita kwa Sosar, amene ankasankha mphodza pakhonde, n'kuyamba kuyankhula ndi mawu aulemu wa pamaliro. Anati iwo ndi nyumba ya m'bale wa a Kesarimal. Ngati achibale a ku Surat analephera, udindo womuveka mwana uja ndi wawo, ndipo nduwira ya mwambo sichita kuikidwa pamutu ngati chipewa, imamangidwa pomwepo ndi manja a wachibale.

"Zoona zimenezo," anatero Sosar. "M'shopu muli nsalu zodzaza mashelefu. Sankhanipo yabwino."

"Iyenera kukhala yomweyi. Ndi ya bambo ake."

"Musanamizire mwana wamasiyeyo, bambo inu. Mukungofuna kuona m'kati."

Dalichand anavomera kuti zonse ziwiri n'zoona, ndipo sakudziwa kuti chachikulu n'chiti. Sosar anati chabwino, adzamugwirira nsonga, koma ikakanika asadzamulirire m'makutu mpaka kumanda.

M'mawa mwake anatumiza Gafur kukamuitana Urmila. Nduwira ya kuno ikamasulidwa imatalika kuposa boti, ndipo m'kashopu kaja sikanakwanamo, choncho anatsikira kumasitepe a kunyanja. Amayi ochapa anali atayamba kale kumenya zovala pamiyala, ndipo alendo a ulendo woyamba wa boti anali pamzere. Urmila atamva zimene akufuna kumuchitira anayamba kukana. Anati iye ndi mkazi, anthu aseka, komanso miyezi yapita. Sosar anamugwira dzanja n'kumukhazika pa sitepe ya pamwamba, n'kumuuza kuti m'nyumba mwawo mwambo suchedwa.

Dalichand anasamba m'manja m'nyanja, anapukuta, n'kusolola nsonga ya nsalu pamene bambo ake anailowetsa. Inatuluka mosavuta. Sosar anaigwira n'kuyamba kutsika nayo masitepe pang'onopang'ono. Nsaluyo inali itafooka ngati tsamba louma, ndipo Dalichand ankaimasula pang'ono n'kuima, kuyang'ana kumene yachokera ndi kumene yalowera, milomo ikuwerenga. Alendo ena anatuluka pamzere mafoni ali m'manja. Gafur anawabweza ndi chipewa chake, akuwauza kuti zimenezi sizili pa tikiti.

Kuzungulira koyamba kunali kwa wamba. Kwachiwiri chimodzimodzi, kwachitatu chimodzimodzi. Bambo ake ankapota nsalu monga mmene iye amapotera tsiku lililonse pamitu ya alendo, ndipo mtima unayamba kumugwa. Atamasula kuzungulira kwachisanu ndi chiwiri, khwinya lija linapendekeka, n'kugona. Linali litaima zaka zoposa makumi asanu, ndipo linagona mosachita phokoso lililonse.

Dalichand anatambasula malowo pabondo pake. Munalibe waya, munalibe chikopa. Nsaluyo inapsa penapake, mwina ndi nyale, n'kubooka chibowo chachikulu ngati chikhatho. Pachibowopo panali chigamba cha nsalu yokhuthala, ya mtundu wina, yooneka kuti inadulidwa ku chovala chakale cha mzimayi. Chinasokedwa ndi ulusi wobiriwira, timitanda ting'onoting'ono tondondozana m'mbali monse.

Timitanda timeneto Dalichand ankatidziwa. Tinali pa kabudula wake wa kusukulu, pa zigongono za malaya ake, pa chikwama chimene ankanyamulira mabuku. Amayi ake sankadziwa kusoka mwa njira ina, ndipo anzake ankamuseka nato mpaka anamaliza sukulu. Ndiye kuti munthu amene ankamanga nduwira za silika pamitu ya akuluakulu analibe yachiwiri yakeyake. Yake itapsa, mkazi wake anaiika chigamba, ndipo iye anachipindira m'kati kuti asachite manyazi pamaso pa mafumu. Chigambacho, pokhala cholimba, chinakana kugona.

Gafur anawerama n'kuyang'ana. "Ndiye ulemu wapadera uja ndi umenewu? Zaka makumi anayi, iwe, ukuvutitsa mutu wa mlamu wanga, kumachita kusowa chigamba basi?"

Dalichand anaseka, koma kusekako kunasanduka kwina ali pakati, ndipo anabisa nkhope paphewa. Zaka zonsezi ankafunafuna manja a bambo ake, osadziwa kuti m'kati mwa nsaluyo mulinso a amayi ake, amene anamulera okha ndipo sanajambulidwepo ndi aliyense. Anawasowa kwambiri pa nthawi imeneyo, kuposa tsiku limene anawaperekeza. Amayi ochapa anali atasiya kumenya zovala.

Ntchito inali isanathe. Nsalu yonse tsopano inali itatambalala kuchokera pamwamba mpaka pa sitepe yomaliza, pamene Sosar anaima madzi akumunyambita zidendene. Urmila anavula magalasi n'kuwaika pamiyendo. Dalichand anamuika nsonga pachipumi n'kuyamba kuzunguliza, Sosar akukwera sitepe imodziimodzi kumubweretsera nsalu. Mutu wa Urmila unali wocheperapo, ndiponso unali ndi tsitsi lambiri, moti ulendo woyamba chigamba chinafikira kumbuyo kwa mutu. Anamasula, anafupikitsa poyambira, n'kuyambiranso.

Ulendo wachiwiri chinafikira pamwamba pa khutu lamanzere. Dalichand sanaganize za chithunzi, kapena za njira zonse zimene anayesapo. Anaona chigamba pamutu pa munthu amene ayenera kuimirira pagulu, ndipo anachita zimene aliyense womufunira zabwino akanachita. Anachipindira m'kati kuti chisaoneke, n'kudutsitsapo nsalu. Anamaliza zotsalazo, analowetsa nsonga, kenako anachotsa manja pang'onopang'ono.

Khwinya linaima.

Sosar anatenga ufa wofiira wa mwambo m'kathumba n'kumudontheza Urmila pachipumi. Dalichand anamuuza kuti aimirire, ndipo ananena mawu a mwambo, oti nyumba ya a Kesarimal ili ndi mwini. Anawonjezera kuti nduwira yosinthana sibwezedwa, bambo ake analakwitsa pamenepo, ndipo aibwerere nayo ku Surat. Ikadzamasuka adzabwere nayo, poti tsopano womanga alipo.

Urmila anavala magalasi n'kuwerama kuti adzione m'madzi. Anakhala choncho kwa nthawi ndithu. Atawongoka anafunsa, "Yandikhala, achimwene?"

"Yakukhalani, achemwali. Musagwedeze mutu kwambiri."

Boti linaliza hutala ndipo alendo anayamba kukwera. Bambo wina wa kamera yaikulu pakhosi anatsalira. Anati dzulo anaona khwinya ngati limeneli pa chithunzi cha m'nyumba ya mafumu, ndipo owaperekeza anawauza kuti linali la munthu mmodzi yekha wosankhidwa ndi mfumu. Anafuna kudziwa ngati n'zoona. Gafur anayang'ana mnzake akumwetulira, kudikira nkhani imene anaimva kambirimbiri. Dalichand anatsegula pakamwa, ndipo nkhaniyo inali kale pa lilime.

"Ayi, bambo," anatero. "Pamenepo panapsa. Amayi anga ndi amene anasokapo."